James Barnet, Mmisiri wa Nyumba za Boma

Nyumba yaing'ono munthu angathe kuimanga ali nayo m'mutu mwace mokha. Ayesa malo ndi mapazi, akumba maenje, aimika mizati, ndipo pofika madzulo maonekedwe a nyumbayo adziwika kale. Koma nyumba yaikulu yamiyala, ya zipinda zambiri ndi nsanja pamwamba pace, siimangidwa motero ai. Iyenera kuyamba yamangidwa papepala. Pafunika munthu wodziwa kulemera kwa mwala ndi mphamvu ya mtengo, amene alemba khoma liri lonse ndi khomo liri lonse, nauza omanga kuya kwa maziko, nawerengeratu ndalama zimene zidzalowa pa nchitoyo. Nyumba ikaima bwino ulemu ndi wace, ndipo ikang'aluka mlandu ndi wacenso. Nkhani ino ndi ya mmisiri wotere, dzina lace James Barnet, amene anabadwira ku Scotland nakakhala ku Australia zaka 50 kufikira imfa yace.

Barnet anabadwa pa 17 October 1827 ku Arbroath, mudzi wa m'mbali mwa nyanja ca kum'mawa kwa Scotland, dziko lomwe lija anacokera David Livingstone. Atate wace, Thomas Barnet, anali mmisiri womanga nyumba, cotero mwanayo anakula akumva kulira kwa nyundo pamwala. Anthu ambiri a ku Arbroath anali asodzi a nsomba ndi oomba nsaru za matanga a zombo. Pakati pa mudziwo panali mabwinja a chalichi cacikulu ca miyala yofiira, cimene mfumu William inayamba kumanga m'caka ca 1178. Denga lace linagwa kale, koma makoma ena ali ciimire kufikira lero.

Kutali m'nyanja, mamailosi 11 kucokera kugombe, kunali cinthu cina codabwitsa koposa mabwinjawo. Kumeneko kuli thanthwe lochedwa Bell Rock, limene limamira madzi akadzala, ndipo linaswa zombo zambiri. Pathanthwe pomwepo Robert Stevenson ndi anthu ace anamanga nsanja ya nyali, akugwira nchito maora ocepa okha pamene madzi aphwa, ndipo nyaliyo inayamba kuwala m'caka ca 1811. Mabanja a osunga nyali anali kukhala ku Arbroath, motero panalibe mnyamata wa m'mudzimo wosaidziwa nsanja imeneyo. Muikumbukire, pakuti tidzakomana ndi nsanja zina zotere m'nkhani ino.

Atatha sukulu kwao, Barnet anapita ku London m'caka ca 1843, ali ndi zaka ngati 16, nalowa nchito kwa mmisiri womanga kuti aphunzire. Koma sanakhutire ndi luso la manja lokha. Anaphunzira kulemba zithunzi kwa William Dyce, ndi nzeru ya mapulani a nyumba kwa C. J. Richardson. Pambuyo pace bungwe lakale la ogulitsa nsomba a mu London linamlemba nchito ya ukapitao woyang'anira zomanga. Kapitao wotere ndiye diso la mwini nyumba. Aima pamalo tsiku lonse, ayesa njerwa, aona ngati laimu ndi mcenga zasakanizidwa monga mwa pangano, nakana ciri conse cacinyengo. Barnet anaidziwa bwino lomwe nchito imeneyi, ndipo n'cifukwa cace zimene zinamgwera pa ukalamba wace zimvetsa cisoni koposa.

M'caka ca 1854 anakwatira mwana wamkazi wa kwa Gosling, ndipo caka comweco awiriwo anakwera combo kunka ku Australia. Masiku amenewo ulendowo unali wa miyezi itatu kapena inai panyanja, ndipo ambiri opita kumeneko sanaonanenso ndi makolo ao. Anafika ku Sydney m'mwezi wa December.

Sydney unali mudzi wa zaka 66 zokha. Angerezi anauyamba m'caka ca 1788 monga malo otayirako akaidi, pa dziko la anthu akuda amene Azungu anawacha Aborigine. Eni dzikowo analandidwa malo ao, ndipo ambiri anafa ndi nthomba ndi nthenda zina zacilendo. M'caka ca 1851 golidi anapezeka pafupi ndi Bathurst, tsidya lija la mapiri, ndipo anthu anakhamukira ku Australia kucokera ku maiko ambiri. Midzi inamera kumene kunali thengo, cuma cinaculuka, koma amisiri odziwa nchito anali owerengeka. Barnet anafika pa nyengo yace.

Poyamba anagwira nchito yomanga monga atate wace. Posacedwa Edmund Blacket, mmisiri wochuka wocokera ku England amene anali kumanga Yunivesite ya Sydney, anamtenga akhale kapitao wace. M'caka ca 1860 Barnet analowa nchito ya Boma, mu ofesi ya Mmisiri Wamkulu wa dziko la New South Wales, limene Sydney ndiwo mzinda wace waukulu. Mu 1862 anayamba kugwirizira udindo wa mkulu wa ofesiyo, ndipo mu 1865 anampatsa mpandowo ndithu. Anakhalapo kufikira 1890.

Taganizani katundu amene munthuyu anasenza. M'caka ca 1861 anthu a mu New South Wales anali ngati 350,000, koma pofika 1891 anapitirira 1,000,000. Mudzi uli wonse watsopano unafuna positi ofesi, bwalo la milandu, nyumba ya apolisi ndi kandende kosungiramo ogwidwa, ndipo zonsezi zinayenera kudzera pa tebulo la Barnet. Pa zaka zace ofesiyo inamanga mapositi ofesi 169, nyumba za milandu 130, nyumba za apolisi 155, ndende zazing'ono 110 ndi nsanja za nyali 20. Pamwamba pa izi panali zipatala za odwala misala, maofesi a nduna, nyumba ya msonkho wa padoko, sukulu ya madokotala ya pa Yunivesite, ndi malinga a nkhondo. Denga la nyumba ya Boma likadontha, kapena kalaliki akasowa mpando, kalata inali kupita ku ofesi yomweyo. Iye yekha sakadatha kulemba mapulani onsewo. Anali ndi omthandiza, koma dzina lolembedwa pansi linali lace.

Barnet anakonda mamangidwe akale a ku Italy: mizati yosema, makomo opindika pamwamba ngati uta, makhonde otakata, ndi mbali ziwiri za nyumba zolingana monga manja a munthu. Makhondewo anayenera dziko ladzuwa ngati Australia. Anakhulupiranso kuti nyumba ya Boma iyenera kukhala yaulemu ngakhale iri kumidzi. Nyumba ya milandu imene anamanga ku Bathurst, yotsegulidwa mu 1880, ndi ya ku Goulburn ya 1887, zikadayenera mzinda waukulu wa ku Ulaya, ndipo ena anadandaula kuti zinadya ndalama zambiri pa midzi ya oweta nkhosa. Madandaulowo sanali opanda pace. Komabe nyumba ziwirizo ziri ciimire lero, patapita zaka zoposa 130.

Nchito imene Barnet anaikonda koposa zonse ndi Positi Ofesi Yaikulu ya mu Sydney. Kuti mumvetse cifukwa cace anthu analola kumanga nyumba yotere cifukwa ca makalata, kumbukirani kuti ambiri a iwo anali alendo monga Barnet mwini. Kalata yocokera kwa amai ku Scotland kapena ku Ireland inali kuyenda miyezi, ndipo combo ca makalata cikafika anthu anali kuthamangira ku positi ofesi, ena kukalandira cimwemwe, ena uthenga wa maliro amene anacitika kale-kale.

Kumanga kunayamba m'caka ca 1866. Malowo anali obvuta, cifukwa pansi pace panali kuyenda kamtsinje kochedwa Tank Stream, kamene kanamwetsa Azungu oyamba aja, ndipo maziko anayenera kukadumpha. Miyala yacikasu ya makoma inacokera ku Pyrmont, pafupi ndi mzinda, ndipo mizati ya khonde inali ya mwala wolimba wotuwa, wopalidwa mpaka kunyezimira. Mwala wapakati wotseka uta wa khomo lalikulu unalemera matani oposa 20, ndipo anauika ndi Alfred, mwana wa Mfumukazi Victoria, m'caka ca 1869. Cigawo coyamba cinatsegulidwa mu 1874. Pambuyo pace anaitalikitsa nyumbayo kufikira inagwira miseu iwiri, George Street ndi Pitt Street, ndi khonde la mapazi oposa 300. Nsanja ya koloko inatha mu 1891. Nchito yonse inatenga zaka 25.

Pa nyumba imeneyi panabuka mkangano umene unamveka mpaka ku London. Ku mbali ya Pitt Street, pamwamba pa makomo, panali malo oyenera kukometsedwa ndi zithunzi zosema. Mwambo wa amisiri a ku Ulaya unali wakuti pamalo otere asemepo milungu ya Agriki akale, kapena akazi obvala nsaru zazitali oimira Nzeru, Cilungamo ndi zina zotere. Barnet anacita zina. Anauza Tomaso Sani, wosema wocokera ku Italy, kuti aseme anthu a dziko lomwelo monga analiri, ndi zipewa zao ndi zobvala zao za tsiku ndi tsiku: wokumba golidi, woweruza milandu, ndi wogawa makalata alikupereka kalata kwa mtsikana wanchito. Pakati pao pali mmisiri wa mapulani, amene anthu amati nkhope yace ndi ya Barnet mwini.

Zithunzizo zitaoneka m'caka ca 1883, akulu-akulu ambiri anakwiya. Anati nzoipa maonekedwe, nzoseketsa, ndipo zicititsa manyazi dziko lonse pamaso pa alendo. Manyuzipepa analemba, a m'Nyumba ya Malamulo anatsutsana, ndipo anthu osankhidwa kuti aweruze nkhaniyo anati zicotsedwe. Ngakhale Frederic Leighton, mkulu wa olemba zithunzi a ku London, ataona zithunzi zojambulidwa za zosemazo, anazinyoza. Barnet sanagonje. Anayankha kuti cinthu cosema ciyenera kuonetsa moyo weni-weni wa anthu a nthawi yace, monga anacitira amisiri ambiri akale. Mkanganowo unakhala zaka zingapo, ndipo potsiriza Nyumba ya Malamulo inazileka zosemazo pamalo pace. Ziripo mpaka lero, ndipo zimene zinachedwa zamanyazi tsopano ziwerengedwa pakati pa zoyamba za luso la Australia mwini. Kunena zoona, Sani sanali wosema wopambana, ndipo anthu ena m'zithunzimo aoneka ofupika ndi amitu ikulu-ikulu. Koma pa mfundo yeni-yeni ya mkanganowo Barnet ndiye anali kukhoza: nyumba ya makalata a anthu wamba inayenera nkhope za anthu wamba. Liuma lace linamthandiza nthawi imeneyo.

Tibwere tsopano ku nsanja za nyali. Gombe la New South Wales nlalitali ndi lamatanthwe, ndipo masiku amenewo anthu ndi katundu anali kuyenda kwambiri panyanja. Barnet atakhala zaka zosakwana zitatu m'dzikomo, usiku wa pa 20 August 1857, combo cochedwa Dunbar cinasweka pa matanthwe a pakhomo peni-peni pa doko la Sydney, citayenda ulendo wonse wocokera ku England. Anthu 121 anamira, napulumuka mmodzi yekha. Anthu a mu Sydney sanaiwale usiku umenewo. Pambuyo pace Francis Hixson, mkulu woyang'anira za panyanja, anafuna kuti gombe lonse liwale usiku monga mseu wa mumzinda, kuti woyendetsa combo asataye nyali imodzi asanaone inzace. Womanga nyalizo anali Barnet.

Nsanja zace zinali zolimba ndi zoyera, ndi nyumba zabwino za osunga nyali ndi mabanja ao, pakuti anthuwo anali kukhala kwa okha miyezi yambiri. Zina anazimanga pa zisumbu zobvuta kukoceza, monga South Solitary Island mu 1880 ndi Montague Island mu 1881. Ku Green Cape, kumwera kweni-kweni, mwala wa pamalopo unapezeka wofewa, cotero anamanga nsanjayo ndi konkire, ndiko kuti simenti yosakaniza ndi mcenga ndi miyala yoswa. Katundu anali kutsikira pa kadoko kena patali, nakokedwa ndi akavalo pa kanjanji kodutsa m'thengo. Nyaliyo inayatsidwa mu 1883. Musaganize kuti nyali ithetsa ngozi zonse. M'caka ca 1886 sitima yochedwa Ly-ee-Moon inagunda matanthwe pansi pa nsanja yomweyo nyali iri kuwala, ndipo anthu 71 anafa. Ocepa amene anapulumuka anabvuulidwa ndi osunga nyaliyo.

Pakhomo pa doko la Sydney panali nsanja yakale yochedwa Macquarie, yomangidwa mu 1818 ndi Francis Greenway, mmisiri amene anafika m'dzikomo ali mkaidi. Mwala wace unali kufumbutuka, ndipo anacita kuimanga ndi malamba acitsulo kuti ingagwe. Barnet akadatha kumanga cinthu catsopano coonetsa nzeru zace. Koma iye anamanga nsanja yofanana ndi yakaleyo, mapazi ocepa pambali pace, ndi mwala wabwino ndi nyali ya magetsi. Kwa kanthawi nsanja ziwirizo zinaima pamodzi ngati mapasa, kufikira yakale inagumulidwa. Ya Barnet, ya 1883, iunikirabe zombo.

Cinthu cacikulu koposa cimene anamanga ndico cinakhala nthawi yocepa koposa. Kumapeto kwa 1878 Boma linaganiza zocititsa cionetsero ca maiko onse mu Sydney, ndipo linauza Barnet kuti amange nyumba yace mofulumira. Nchito inayamba mu January 1879. Anchito anagwira usana ndi usiku, ndipo usiku anali kuunikira ndi nyali za magetsi zoitanitsa ku England, cinthu cacilendo masiku amenewo. Pa 17 September caka comweco nyumbayo inatsegulidwa, naicha Garden Palace. Inali ya mapazi 800 m'litali, ya nsanja zinai, ndipo pakati pace panali denga lozungulira ngati mphika wobvundikira, lofika mapazi 210 kucokera pansi. Anthu oposa 1,000,000 analowamo kukaona makina, nsaru ndi zodabwitsa za maiko akutali. Koma ndalama zimene zinalowa zinaposa katatu zimene zinanenedwa poyamba, ndipo a m'Nyumba ya Malamulo anamdzudzula Barnet kolimba. Adani ace anayamba kuculuka kuyambira pomwepo.

Cifukwa ca liwiro lija, mbali yaikulu ya nyumbayo inali yamatabwa. Cionetsero citatha, Boma linasungiramo makalata ace ndi zinthu zina za mtengo wapatali. Mbanda kuca pa 22 September 1882 moto unabuka, ndipo ora lisanathe nyumba yonse inali phulusa. Munapsera mapepala a kalembera wa 1881, ndi miyala yosowa imene W. B. Clarke anasonkhanitsa moyo wace wonse. Munapseranso zishango, mikondo ndi zipangizo zina zambiri za eni dziko aja, zimene zinatengedwa m'midzi yao. Nyumba ina ikadamangidwa, koma zinthu zimenezi zinalibe zina zolowa m'malo mwace, pakuti ambiri a amisiri amene anazipanga anali atatha kale. Zidzukulu zao zikumbukirabe moto umenewo.

Tafika tsopano pa nkhani imene inagwetsa Barnet. M'caka ca 1870 asilikari a ku England anacoka mu Australia, ndipo maiko a kumeneko anayenera kudziteteza okha. Anthu anaopa kuti zombo za nkhondo za ku Russia zingadzere ku Botany Bay, kumwera kwa Sydney, ndi kulowa mumzinda ca kumbuyo. Akatswiri awiri a nkhondo, William Jervois ndi Peter Scratchley, analangiza mu 1877 kuti pamangidwe linga la mizinga pa kacisumbu kochedwa Bare Island, pakamwa pa nyanjayo. Ofesi ya Barnet inalemba mapulani, ndipo womanga wina amene anapangana ndi Boma anagwira nchitoyo kuyambira 1881 kufikira 1885. Lingalo linali la konkire.

Konkire ali ndi khalidwe limodzi loopsa. Mwala woipa uoneka ndi maso, ndipo njerwa yosapsa imveka poigogoda. Koma konkire akauma, kunja kwace kuoneka cimodzi-modzi, kaya simenti inakwana kaya inacepa. Cinyengo cibisala mkati. Njira yocipewera ndi imodzi yokha, ndiyo yakuti munthu wokhulupirika aime pomwepo pamene alikusakaniza ndi kuthira. Ku Bare Island akapitao a Boma sanaicite nchito imeneyi monga kuyenera, ndipo Barnet, wotanganidwa ndi nyumba mazana, sanawalonde. Patapita zaka zocepa lingalo linayamba kuonongeka.

M'caka ca 1889 Boma linacotsa nchito za malinga m'manja mwa Barnet ndi kuzipereka kwa msilikari wina, Kenala de Wolski. Awiriwa sanamvane konse. Barnet, amene analamulira ofesi yace zaka 27 popanda womlowerera, anaona ngati amcepsa. Anazengereza kupereka mapulani ndi makalata a malingawo, ngakhale nduna ya nchito za Boma, Bruce Smith, inamlamula kutero. Liuma lomwe lija limene linapulumutsa zosema za ku Pitt Street tsopano linamuika m'mabvuto, pakuti nthawi ino sanali kukhoza. De Wolski anafufuza lingalo nabvumbulutsa zimene zinabisika. Boma linasintha makonzedwe a ofesi yonse, ndipo pa 30 June 1890 Barnet analeka nchito. Mpando unapita kwa Walter Liberty Vernon.

Nkhani siinathere pomwepo. Bungwe lofufuza limene Boma linaika linaboola makoma a lingalo, nilipeza kuti konkire anali wosalimba, ndi kuti womangayo analandira ndalama za nchito imene sanaigwire monga mwa pangano. Womangayo analetsedwa kugwiranso nchito za Boma. Barnet sanampeze ndi mlandu wa kuba, koma anati sanasamale udindo wace, ndiponso sanamvere nduna. Iye anakana ciweruzoco kwa mtu wa galu, naciyesa cizunzo ca anthu omuda.

Kodi anamlakwira? Mbali ina inde. Boma linamsenzetsa nchito yoposa mphamvu za ofesi yace, ndipo akale anati mutu umodzi susenza denga. Kuweruza zaka 30 za nchito yabwino ndi linga limodzi sikunali cilungamo. Koma mbali ina ai. Munthu amene anayamba moyo wace monga kapitao woyesa laimu ndi mcenga, amenenso anamanga nsanja ya konkire ya ku Green Cape, anadziwa kuposa onse kuti nchito yotere siisiyidwa popanda diso. Nkhondo ikadafika, asilikari akadabisala kumbuyo kwa makoma onyenga. Mwai wace Arusi sanabwere. Lingalo silinaombe mdani ndi kamodzi komwe, ndipo kuyambira 1912 kufikira 1963 linali nyumba yosungiramo asilikari okalamba.

Pa nyengo yomweyo ya mabvuto mkazi wace, amene anaoloka naye nyanja ali mtsikana, anamwalira. Barnet anakhala zaka 14 zotsala pa nyumba yace ku Forest Lodge, m'mbali mwa Sydney. Nyumbayo anaicha Braeside, dzina la cinenero ca kwao ku Scotland lonena malo a m'mbali mwa phiri. Banja lace linali lalikulu, ndipo awiri mwa ana ace amuna anatsata nchito ya mapulani a nyumba. Motero luso limene Thomas Barnet anali nalo ku Arbroath linafika mbadwo wacitatu ku mbali yina ya dziko lapansi.

Nkhalambayo siinaleke kuyang'ana nyumba. M'caka ca 1899 inalemba mbiri ya mamangidwe a mu Sydney kuyambira 1788, ndipo siinabise kuti mamangidwe atsopano sanaikondweretse. Inanyansidwa ndi nyumba zodzala ndi zokometsera zopanda nchito, ndi madenga a matailosi ofiira ocokera ku France amene anali kufala mumzinda monse. Anyamata anaiyesa munthu wacikale. Mu 1901 maiko a mu Australia anagwirizana kukhala dziko limodzi, ndipo mapositi ofesi ace onse aja anapita m'manja mwa Boma latsopano.

James Barnet anamwalira pa 16 December 1904, ali ndi zaka 77, nasiya ana akazi anai ndi amuna atatu. Sanaone zimene zinacitikira nsanja ya Positi Ofesi yace. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, mu 1942, anaiphwasula poopa kuti ndege za ku Japan zingaigwetsere pa anthu ndi pa mawaya a lamya, nasunga miyala yace, ndipo mu 1964 anaimanganso monga inaliri. Masiku ano mkati mwa nyumbayo muli hotela ndi masitolo.

Anamuika pamodzi ndi mkazi wace ku manda a Rookwood, kumadzulo kwa Sydney. Mandawo ndi akulu kwambiri, ndipo kale maliro anali kupita kumeneko pa sitima ya pamtunda. Siteshoni yonyamukira mumzinda ndi siteshoni yofikira pakati pa manda, zonse ziwiri zinacokera mu ofesi ya Barnet zaka zace zoyamba, ndipo anazimanga ngati machalichi, ndi angelo osema pamiyala, kuti olira asatsikire pamalo wamba. Sitima za maliro zinaleka mu 1948, ndipo siteshoni ya kumandayo inakhala bwinja. Patapita zaka ngati khumi, Akristu a mpingo wina wa ku Canberra anaigula, naiphwasula, nalemba nambala pa miyala yace, naitengera kwao pa malole. Kumeneko, ku Ainslie, anaimanganso, ndipo ichedwa chalichi ca All Saints. Pamene panali kudutsa njanji ndi pamene anthu ayenda tsopano polowa kukapemphera.